Kaphiri Kamene Tinkakalambalala

Lamlungu lapitali tinasonkhana ku South Bend kukumbukira kuti patha chaka chimwalirireni amalume anga, a Yotamu Mbewe. Mapemphero anachitikira m'holo ya tchalitchi, ndipo atatha, abusa anapereka mpata kwa aliyense wofuna kunenapo mawu. Anaimirira Kondwani, mnzanga amene amagwira ntchito mu famase, tayi ali pakhosi, n'kunena kuti a Mbewe anali munthu wa nzeru zoopsa, moti pa zaka zonse zimene tinasewera nawo magemu awo a nkhondo palibe anawagonjetsapo ngakhale kamodzi. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinatuluka, ndinakakhala m'galimoto mpaka nthawi ya chakudya. Mkazi wanga akuti ndinamuchititsa manyazi. Kaya. Koma zimene ananena Kondwani ndi zimene zinawapweteka amalume kuposa matenda amene anawatenga, ndipo iye akudziwa bwino lomwe, chifukwa tinachitira limodzi.

Amalume anali mlongo wawo wa mayi anga, ndipo ndi iwo amene anandilandira pa eyapoti nditangofika m'dziko muno la America. Ku Malawi anali mphunzitsi wa jogalafe ku sekondale. Kuno anakhala zaka makumi awiri akupinda nsalu za pabedi m'chipinda chochapira cha chipatala china, ndipo sindinawamvepo akudandaula. Koma uphunzitsi sunawachoke. Ukawafunsa njira ya kusitolo, ankayamba akufotokozera chifukwa chake mtsinje wa m'tauni mwawo unakhota, iwe injini ili chilirire. Ana obadwira kuno akawayankha m'Chingerezi, ankangowayang'ana dwii mpaka mwanayo abwereze m'Chichewa, ngakhale chopindikapindika. Ankanyadira kuti pa uphunzitsi wawo wonse sanapatseko mwana malikisi a chisoni. Ankati kumupatsa mwana malikisi amene sanawagwirire ntchito ndi kumutuma kuti akachite manyazi pa mayeso a boma, pagulu, iwe utakhala kunyumba. Nkhani imeneyi ndinaimva mwina kakhumi, ndipo inkalowa khutu ili n'kutulukira linali.

Za magemuzi zinayamba ndi bokosi limene anatola pa galaji selo, pamene mzungu wina wa m'dera lawo ankagulitsa katundu wake wakale pakhomo. M'katimo munali mapu aakulu ogawidwa m'timagawo ta ngodya zisanu ndi imodzi ngati zisa za njuchi, madayisi awiri, ndi timakatoni mazanamazana, kalikonse kochepa ngati chikhadabo. Kakatoni kamodzi kamaimira gulu la asilikali: awa oyenda pansi, awa apakavalo, awa a mizinga. Anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina atenga Afalansa a Napoliyoni, wina adani awo, n'kumasuntha timakatonito mosinthana, ndipo magulu akakumana dayisi ndi imene imanena amene wagwa. Akazi awo, anti a Nankhoma, ankayesa ndi za mlungu umodzi. Patatha miyezi itatu banja likudyera pamiyendo chifukwa tebulo ladzaza asilikali, anti anawauza kuti asankhe, Napoliyoni atsike ku besimenti, chipinda cha kunsi kwa nyumba, kapena iwo akwere basi. Napoliyoni anatsika.

Besimenti ija inali ndi malamulo ake. Usanakhudze kanthu, kasambe m'manja. Tiyi amamwera pa masitepe. Timakatoni ankatisunga m'mathileyi a mazira, gulu lililonse m'kabowo kake, ndipo ankatinyamula ndi kapanira kozulira nsidze kamene anawabera anti, chifukwa ankati zala za munthu pa mapu ndi chivomezi. Dayisi ankaponyera m'mbale yachitsulo yoyala kansalu kuti isasokose. Ukachedwa kuganiza sankakufulumizitsa, koma ukasuntha osaganiza ankakosomola.

Anakangana ndi anthu ambiri chifukwa cha tebulo limenelo. Mkulu wina wa mpingo anawayendera dala kudzawachenjeza kuti dayisi ndi juga. Amalume anamuuza kuti wajuga amafuna kudya zimene sanakhetsere thukuta, pamene dayisi yawo inkaimira mvula, matope ndi mthenga wosochera, zinthu zimene ngakhale mkulu wa asilikali sangazilamule. Mkuluyo atalimbikira, anamuperekeza mpaka pakhomo, ndipo ananyanyala kwaya ya kutchalitchi, moti inakhala chaka chathunthu yopanda woimba besi. Ena anawapatsa dzina loti Napoliyoni, poganiza kuti awasangalatsa. Anakalipa koopsa. Ankati munthu amene anasiya asilikali ake akufa ndi chisanu, iye n'kuthamangira kwawo, dzina lake si lopatsa ngakhale galu.

Atatopa ndi magemu opangidwa ndi ena, anaganiza zokonza nkhondo yawoyawo, imene osewera amaitcha sinariyo. Iwe mwini umajambula mapu, umasankha magulu amene ayambe ali pati, ena afike pa raundi yanji, ndi chimene mbali iliyonse iyenera kuchita kuti iwine. Anasankha za pa mtsinje wa Berezina, pamene Afalansa, akuthawa ku Russia m'nyengo yozizira, anamanga milatho iwiri kuti awoloke, Arasha akuwapanikiza uku ndi uku. Mu sinariyo yawo, Afalansa ankawina akawolotsa magulu okwanira milatho isanawotchedwe, Arasha ankawina akawatsekereza. Mapu anajambula okha ndi inki, kuchokera m'mabuku a ku laibulale ya m'tauni, madambo ndi timapiri tonse. Anaikamonso timakatoni toyera, topanda mfuti, toimira ovulala ndi amayi amene ankatsata asilikali. Tinkatseka njira ya kumlatho n'kumachedwetsa gemu, koma ukangotchula zotichotsa, ankati amenewo analipo tsikulo ndipo akhalapo.

Chovuta si kujambula, ankatero, chovuta ndi kubalansa. Ankati sinariyo ili ngati matumba awiri a chimanga panjinga, lina likalemera ulendo wathera m'ngalande. Munthu wokhala pampando uliwonse mwa iwiriyo asadziwe ngati awina mpaka raundi yomaliza. Ndipo njira yodziwira ndi imodzi yokha, kusewera kambirimbiri ndi anthu amene akufunadi kukugonjetsa. Mawu amenewa ankawabwereza mpaka kutitopetsa, ife n'kumagwedeza mitu.

Anthu ake tinali ine ndi Kondwani. Kawiri pa mwezi, Loweruka m'mawa, tinkanyamuka ku Lawrence, kumene tonse timakhala, ulendo wa ku South Bend. Amalume anali ndi dongosolo losaphonya: lero atenga Afalansa, ulendo wina atenga Arasha. Gemu ikatha ankatsegula kabuku ka chikuto chobiriwira, ka mizere iwiri, n'kuchonga mbali imene yawina. Dzina la munthu sankalemba. Ankati tikuyesa mapu, sitikuyesa anthu.

Tsono pa mapupo panali kaphiri, tsidya la mtsinje, kuyang'anizana ndi pamene milatho inkathera. Kondwani anakaona pa gemu yachiwiri yokha. Pobwerera anandijambulira ndi chala pa dashibodi kuti Mrasha akangokweza mizinga yake pamenepo pa raundi yachitatu, palibe Mfalansa angawoloke, gemu yatha. Tinaseka mpaka misozi. Ndiyeno ulendo wina ndinatenga Arasha, ndinafika patsinde pa kaphiri kaja, n'kukalambalala.

Palibe tsiku limene tinakhala pansi n'kupangana kuti tiziwasiyira. Sizinafunike. Ife tinaleredwa choncho. Munthu wamkulu, mlongo wa mayi ako, m'nyumba mwake, utadya nkhuku yake, iwe n'kumugwetsa pa raundi yachitatu akazi ake akumva pamwamba? Ungayambire pati? Tikatenga Arasha tinkazungulira kaphiri, iwo n'kuwolotsa Afalansa awo. Tikatenga Afalansa tinkachedwa dala m'dambo, iwo n'kutitsekereza osafuna n'komwe kaphiriko, motero sanakaone. Tinafika pokhala akatswiri a kuluza. Tinkaluza pang'onong'ono, pa raundi yomaliza, titagwira mutu, tikudandaula za dayisi. Tsiku lina dayisi inamukonda Kondwani mopitirira muyeso, atatsala pang'ono kuwina mwangozi, mpaka anachita kuponya apakavalo ake onse pakamwa pa mizinga kuti apulumuke. Amalume anamulangiza theka la ola za kuipa kwa phuma, iye ali zoona bambo, zoona bambo. Iwo ankawina tsiku lililonse, koma popeza ankasinthasintha mbali, m'kabuku muja mizere iwiri inkakwera mofanana ndendende. Tinatero zaka zitatu. Ndipo Loweruka lililonse, potiperekeza kugalimoto, ankafunsa ngati taonapo cholakwika, ife n'kumati ayi amalume, ili bwinobwino.

Tinkati ndi ulemu. Lero ndikhoza kunena kuti anali mantha osakaniza ndi ulesi. Kunena zoona kukanatanthauza kuwaona akukwinya nkhope, kenako miyezi ina ya kutesita. Kuluza kunali kophweka, ndipo anti ankatilongezera mandasi a panjira.

Amene anawadziwa m'zaka zawo zomaliza amati anali nkhalamba yovuta, ndipo sanama. Munthu akawayamikira tayi, ankamufunsa chimene akufuna. Pa misonkhano ya Amalawi, anthu akangovomereza maganizo awo msanga, ankatola chipewa n'kumapita. Wina akati zoona bambo, ankamufunsa kuti zoona zake ndi ziti, abwereze. Ine ankandipatsa moni wa mlendo, wa muli bwanji a Limbani, munthu amene anandisambitsapo ndili wamng'ono. Anthu ankati ndi ukalamba.

Sunali ukalamba. Anasintha tsiku limodzi la mu Ogasiti, ku Indianapolis, pa msonkhano waukulu umene osewera magemu amachita chaka ndi chaka pakati pa tauni. Mkonzi wa kamagazini kena ka osewera anali atawalonjeza kuti sinariyo ikayenda bwino pa matebulo atatu, aisindikiza, dzina lawo lili pamwamba. Amalume anajambula mapu atatu pamanja, anadula timakatoni ta matebulo atatu mpaka maso kufiira. Anagona kwathu ku Lawrence, ndipo m'mawa ndinawapeza akusita suti kutentha konseko. M'galimoto anandiuza kuti magazini yoyamba adzaitumiza kusukulu imene ankaphunzitsa, akaone kuti Mbewe sanapite ku America kukangopinda mabulangete. Ine ndinkadziwa zimene tikukakumana nazo. Ndinali ndi msewu wonse woti ndinene, koma ndinadzinamiza kuti mwina azungu sakakaona kaphiriko.

M'holomo munali anthu ngati kumsika, ambiri ali m'makabudula, amalume okha mu suti. Anatiimika ine ndi Kondwani pamaso pa mkonzi uja n'kutionetsa monyadira kuti awa ndiwo anditesitira zaka zitatu. Pa tebulo loyamba panakhala mayi wina wa imvi wa ku Beech Grove, dzina lake Carol, woyendetsa basi ya ana a sukulu. Anatenga Arasha. Anayang'ana mapu mwina mphindi zisanu, n'kufunsa ngati malamulo akulola kukweza mizinga pakaphiri apo. Amalume anati akulola. Theka la ola lisanathe, Afalansa anali atawunjikana pamlatho ngati mbuzi pakhomo la khola, wowoloka palibe. Carol anasinthana mpando ndi mnzake, mnzakeyo n'kuchita chimodzimodzi. Tebulo lachiwiri chimodzimodzinso. A tebulo lachitatu anangosiya n'kubwera kudzaonerera.

Amalume anaima manja kumbuyo, ngati mmene ankaimira poyang'anira mayeso. Carol anayamikira mapu kuti sanaonepo ojambulidwa bwino chotero, kenako anafunsa kuti gemuyi yaseweredwa kangati. Anatulutsa kabuku kobiriwira m'thumba la jekete n'kumuonetsa. Mayi uja anayang'ana mizere iwiri yofanana ija, anatembenuza tsamba, kenako anakweza maso n'kuyang'ana ine ndi Kondwani. Kondwani anapita kukafuna chimbudzi ndipo sanabwerenso. Mkonzi anawabwezera envelopu yawo, n'kuti aikonze pang'ono, adzaionanso chaka chamawa.

Ndinawaperekeza ku South Bend masana omwewo. Tinadutsa minda ya chimanga ola lathunthu. Titapitirira Kokomo ndi pamene anatsegula pakamwa, maso ali kutsogolo.

"Limbani, kaphiri kaja iwe unkakaona?"

"Ndinkakaona, amalume."

"Kuyambira liti?"

"Pa gemu yachiwiri."

Kenako anati, "Mayi uja wandilemekeza lero. Wakhala pansi, wandiona kuti ndine munthu woti n'kulimbana naye. Inu zaka zitatu mwakhala mukubwera kunyumba kwanga kudzandilera ngati khanda."

Ndinayamba kufotokoza za ulemu. Anakweza dzanja n'kundiuza kuti ndiyang'ane msewu.

Kaphiri anakakonza m'mlungu umodzi, anachedwetsa mizinga ya Arasha ndi maraundi awiri. Koma ukakonza pano pamasokonekera apo, ndipo wowauza zoona analibe. Anti akuti ankasewera okha, kusuntha Afalansa, kuimirira, kuzungulira tebulo, kukakhala pampando winawo n'kusuntha Arasha. Iwo eni ankati zimenezo n'zopanda pake, munthu sangadzibisire maganizo ake. Ku msonkhano kuja sanabwererenso. Anti atawauza kuti amuimbire Carol, anati nkhope aiika kuti. Ine ndinkapita kwawo pa Khirisimasi pokha, ndipo chitseko cha besimenti chinkakhala chotseka.

Mu Januwale wa chaka chatha, madokotala atanena kuti chiwindi chafika poipa, foni inalira ndili kuntchito.

"Bwera Loweruka," anatero. "Bwera udzandigonjetse."

Ndinavomera nthawi yomweyo, chifukwa anandilankhula ngati kale, ngati mwana wa mlongo wawo. Ndinawapeza ataonda, juzi ikulendewera m'mapewa. Masitepe anatsika atagwira phewa langa. Anandipatsa Arasha. Ndinalumbira mumtima kuti lero ndisewera ngati Carol, ndipo maraundi asanu oyamba ndinatero ndithu. Ndinawadyera magulu awiri, ndipo ndinawaona akumwetulira. Kapanira kankawagwa m'manja, ankakatola okha, osalola kuti ndiwathandize. Pa raundi yachisanu ndi chimodzi ndinaona mlatho wakumpoto uli wopanda mlonda. Apakavalo anga anali timagawo tiwiri tokha kuchokera pamenepo. Kungowasuntha, gemu ikanathera pomwepo.

Ndinakanyamula kakatoni kaja. Ndinayang'ana khosi lawo latsala mitsempha yokha, anti ataima pamwamba pa masitepe ndi mankhwala. Ndinati mumtima, munthuyu akufa, iyi mwina ndi gemu yake yomaliza, ine n'kumulanda? Ndinakaika kakatoni kumbali, m'dambo, n'kunamizira kuti ndikuopa mizinga yawo.

Nditakweza maso ndinapeza sakuyang'ana mapu, akuyang'ana ine. Anaika kapanira patebulo pang'onopang'ono.

"Basi," anatero. "Yendani bwino, a Limbani, msewu ukuterera ndi sinowo. Mukapereke moni kunyumba."

Ndili panjira ndi pamene nzeru zinabwera. Munthu amene wakhala pa mapu amenewo zaka zonsezo sasiya mlatho wopanda mlonda mwangozi. Anausiya dala. Tsiku limenelo sankayesa mapu, ankayesa ine. Anamwalira patatha masabata asanu ndi awiri, ndipo nditakawaona kuchipatala tinangokambirana za kuzizira.

N'chifukwa chake mawu a Kondwani anandinyansa. Palibe anawagonjetsapo, inde, palibe mwa ife. Tinawamana chinthu chimodzi chokha chimene anatipempha, ndipo mpaka lero tikuchiwombera m'manja m'holo ya tchalitchi. Sindikuda Kondwani yekha ayi. Iye anawanyenga zaka zitatu. Ine ndinanyenga zitatu zomwezo, ndinauzidwa kulakwa kwanga maso ndi maso, n'kudzawonjezanso tsiku lina pamwamba.

Titadya Lamlungu lija, anti anandiitana kunyumba n'kundipatsa kiyi wa besimenti. Akusamukira kwa mwana wawo, nyumba ikugulitsidwa, ndipo akuti nditenge zimene ndikufuna, zotsalazo ataya. Iwo chimwalirireni amalume sanatsikemo.

Mukununkha chinyezi ndi sopo wochapira. Kuwala kukulowera pa kawindo kakang'ono ka m'mwamba, kamene kayang'ana matayala a galimoto. Mathileyi a mazira ali pashelefu, mabowo ena opanda kanthu chifukwa eni ake adakali pa mapu. Madayisi awiri ali m'mbale yachitsulo, ndipo kapanira kali pomwe anakaika. Mpando wawo, wa khushoni yobonyoka pakati, wakankhidwira kunsi kwa tebulo, wanga udakali patali mmene ndinausiyira podzuka. Kabuku kobiriwira kali pakona. Masamba a zaka zitatu zija anawadula ndi mzere wofiira, lililonse, kuchokera ngodya mpaka ngodya. Pa tsamba latsopano anawonjezera mzere wachitatu, wolembapo dzina la wosewera naye. Muli dzina limodzi lokha, langa, ndi tsiku la Loweruka lija. Pa Afalansa sanachonge, pa Arasha sanachonge. Fumbi lagwera pa mtsinje ndi pa timakatoni toyera tija todikirira kuwoloka. Apakavalo anga ali m'dambo momwe ndinawaika, ndipo mlatho wakumpoto udakali wopanda mlonda.